Kulira pa kamera n'kosiyana ndi pa siteji

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe mnyamata wanu wa ku Luchenza amaonekera wokokomeza mu filimu akamasewera bambo wochotsedwa ntchito ku esiteti ya tiyi. Ndi chizolowezi cha pa siteji, pomwe munthu amafuula kuti akumbuyo amve. Kamera ikayandikira, nsidze zokha zimakwanira.

Alembe pa sikiripiti mlingo wa mkwiyo, 1 mpaka 5, pa gawo lililonse, poti filimu sajambula motsatana. Akayambira pa 5, pachimake adzasowa kokwera. Anyezi wotulutsira misozi musamupatse ayi: maso amafiira koma kapumidwe sikasintha, owonera n'kuzindikira msanga. Aphunzire kubweza misozi, kupuma modukiza, nsagwada zitalimba. Pa gawo lolira yambani kujambula nkhope chapafupi, chifukwa mukamabwereza kachinayi misozi imakhala itauma kale.