Kwa achimwene ofunsa za kulalikira anthu osawadziwa

Achimwene, mwafunsa kuti mungauze bwanji anthu osawadziwa za Yesu pomwe mulibe ndalama zobwerekera zokuzira mawu kapena zosindikizira timapepala, komanso mwati ndinu amanyazi. Ine ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, ndiye alendo ndi amene ndimaswera nawo tsiku ndi tsiku. Ndikuuzani zimene ndaona.

Za zokuzira mawuzo zisiyeni kaye. Pamsika phokoso lilipo kale lokwanira, ndipo mlaliki akaimika sipika anthu amangokweza mawu n'kumapitiriza kutsatsa kabichi wawo. Werenganinso Yohane 4. Pachitsime paja Yesu anayamba ndi kupempha madzi akumwa kwa mayi wa ku Samariya, nkhani ya moyo wosatha n'kutulukira m'machezawo. Inunso mukakwera minibasi pa Ntcheu kupita ku Dedza, mumakhala mwapanikizana ndi munthu kwa ola lathunthu. Mufunseni kwawo, mufunseni za mvula. Mukatchula mtengo wa feteleza palibe mlimi amene angakhale chete. Inu muzimvetsera kwambiri kuposa kuyankhula, ndipo apa manyazi anuwo akuthandizani. Akadandaula kuti mwana akudwala kapena ngongole yamupana, funsani motsitsa mawu kuti, "Kodi mungalole ndikupempherereni?" Pemphero likhale lalifupi, la awiri basi. Akakana musakwinye nkhope, pitirizani kucheza. Koma chonde musapemphe chopereka. Anthu anatopa nawo alaliki a m'basi amene "ameni" wawo amathera pa kuyendetsa chipewa.

Malo amene ine ndimawaona ofunika kuposa onse ndi kuchipatala, makamaka kumene amaphikira odikirira odwala. Amayi ambiri kumeneko amachokera kutali, ena atha sabata ziwiri akugona pansi, ufa watha, wocheza naye palibe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu cha kuno mukuchidziwa. Kamtolo ka nkhuni, sopo mmodzi, kapena kungokhala pansi n'kumva mmene wodwala wagonera, zimatsekula mtima. Yambani mwapempha chilolezo kwa anamwino ndipo mulowe m'wodi pa nthawi yoonera odwala yokha. Ndipo apa ndikhwimitse mawu: musadzauze munthu kuti asiye mankhwala chifukwa mwamupempherera, kaya ndi ma ARV, kaya a shuga. Pemphererani wodwala, pemphererani adokotala, mankhwala amwe.

Pamaliro ndi chimodzimodzi. Kutema nkhuni, kutunga madzi, kugona pasiwa n'kumaimba nawo mpaka mbandakucha. Simusowa kutsekula pakamwa, anamfedwa adzafunsa okha kuti mnyamata uja amapemphera kuti.

Tsono kuno kwathu tili ndi a gule, tili ndi Asilamu, tili ndi Angoni osunga miyambo yawo. Ine ndinalakwapo. Panali agogo ena amene ankandigula mbatata, tsiku lina ndinawauza mwachindunji kuti za kudambwe ndi za mdima. Anangoti "zikomo mayi," n'kunyamula kathumba kawo, ndipo mpaka lero sanapondenso pabenchi panga. Pa 1 Petro 3:15 timauzidwa kuyankha za chiyembekezo chathu mofatsa ndi mwaulemu, ine tsiku limenelo ndinalibe zonse ziwiri. Ndine wa CCAP, koma pankhani iyi Akatolika a ku Mua anatiphunzitsa kanthu. Wansembe wawo, Bambo Claude Boucher, atayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, anatha zaka zambiri akuphunzira miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Simuyenera kuvomereza zonse, koma munthu amamvera amene wayamba wamumvetsa.

Pa zogawira anthu, foni yanu ndi yokwanira. Baibulo la Chichewa lilipo laulere pa intaneti, lowerenga ndi lomvera lomwe. Buku Lopatulika la 1922 ndi limene tinakulira, koma kwa munthu amene sanazolowere kutchalitchi Buku Loyera la 1998 limamveka msanga. Kwa osadziwa kuwerenga, atumizireni lomvera pa Bluetooth, sizidya bandulo. Abale athu a ku Angónia, tsidya la msewu ku Mozambique, Chichewa amachimva bwinobwino, ndipo ena ndinawaikira Uthenga wa Marko m'mafoni awo. Timapepala lembani nokha: ng'ambani tsamba la kope, vesi limodzi ndi dzanja lanu, kenako nthawi imene mapemphero amayamba.

Mukafuna kuyenda khomo ndi khomo, yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo muyende awiri monga Ambuye anatumira ophunzira ake. Mukapeza mayi ali yekha panyumba, chezerani panja. Mukapeza akutonola chimanga, khalani pamphasa mutonole nawo.

Chimene ambiri timalephera ndi kubwereranso. Timapempherera munthu kamodzi n'kumawerengera kuti tapindula mzimu, pomwe dzina lake taliiwala tisanafike pasiteji. Lembani mayina m'kakope, ndi chimene munthuyo anadandaula. Mukadzakumananso mufunse kuti, "Mwana uja ali bwanji?" Akafuna kuyamba kupemphera, mulozereni mpingo umene uli pafupi ndi kwawo, ngakhale usakhale wanu, ndipo Lamulungu loyamba mupite naye, chifukwa kulowa wekha m'tchalitchi chachilendo kumachititsa mantha.

Sabata inoyi sankhani malo amodzi okha. Ine ndikanati muyambe ndi kuchipatala, ndipo mutenge mmodzi wa amayi a Chigwirizano kapena a Mvano, poti odikirira odwala ambiri ndi amayi ndipo amamasuka msanga akaona mnzawo.