Galimoto yatsopano, ana atatu ndi mtengo wa jakaranda pakhomo

FUNSO: Achimwene, mwezi watha ine ndi amuna anga tinatulutsa galimoto yathu yoyamba yatsopano, Suzuki Ertiga yakuda, titasunga ndalama zaka 7. Kumene tinagulako anati tiwonjezere R9,000 atipakire mankhwala oteteza penti ndi mipando, ife tinati tikaganize kaye. Timakhala ku Rosettenville m'nyumba ya lendi yopanda galaja, moti galimoto imagona pansi pa mtengo wa jakaranda. Ana alipo atatu, wamng'ono ali ndi zaka ziwiri, ndipo mu Disembala tikufuna kukaonekera nayo kumudzi ku Mulanje. Kodi tilipire ndalamayi?
Mayi a ana atatu, Rosettenville

YANKHO: Mayi, mwagwira ntchito, zaka 7 si masewera. Koma ndalamayo musathamangire kupereka. Choyamba chotsani galimoto pansi pa mtengowo, zinazo tikambirana.

Ine ndinafika kuno ku Joni mu 2010 ndipo ntchito yanga yoyamba inali yotsuka magalimoto ku Mayfair. Sabata yachiwiri kunabwera galimoto yakuda ngati yanuyi, ili ndi kafumbi pang'ono. Ndinaona ngati kuthira madzi n'kutaya nthawi, ndiye ndinangotenga nsanza youma n'kupukuta boneti yonse mozungulizazunguliza. Pamthunzi inkaoneka bwino zedi. Mwini wake ataitulutsa padzuwa, boneti yonse inali timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Anandidula malipiro a masiku atatu. Kenako ndinapita ku shopu yowongola ndi kupenta magalimoto ku Booysens, kumene ndili mpaka lero, ndipo magalimoto ambiri amene amabwera penti itafifira, amene anaiwononga ndi eni ake ndi manja awo, powakonda.

Chimene chimanyezimira pagalimoto si mtundu wakudawo ayi. Ndi kachikopa koonekera kamene amathira pamwamba pake, kuntchito timati clear coat, ndipo n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope la mwana wanu. Fumbi ndi timiyala ting'onoting'ono. Mukalikhuta ndi nsanza youma ndiye kuti mukupala kachikopako ndi mchenga. Mtundu wakuda suli wofooka kuposa woyera, kungoti subisa kanthu, komanso umatentha msanga.

Za jakaranda. Mu Okutobala ndi Novembala maluwa ake ofiirira aja amayoyoka, akanyowa ndi mvula n'kuumira pa penti amasiya madontho, ena amalowa m'ngalande ya pansi pa mawaipa n'kutseka njira ya madzi. Mumtengomo mumateranso mbalame, kuphatikizapo zaphokoso zija amati hadeda zimene zimatidzutsa mbandakucha. Chitosi cha mbalame chimadya penti, makamaka boneti ikatentha. Kuno tili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, kukwera kuposa tauni ya Dedza, ndiye dzuwa limabaya ngakhale kunja kukuzizira. Chitosi chikatha masiku awiri padzuwa limeneli, mukachichotsa chimasiya chithunzi chake chosachoka ndi sopo. Ikani botolo la madzi ndi kansalu kofewa ka microfibre m'thumba la pachitseko. Mukaona chitosi, nyowetsani kansalu, kayaleni pamenepo mphindi zingapo, kenako nyamulani osakhuta. Muli timchenga m'chitosimo.

Kambiranani ndi alandilodi kuti muike shedi ya neti pabwalo, mwina n'kugawana mtengo wake. Pa zonse zimene R9,000 ingachite, ine ndingayambire pamenepo. Chinsalu chofunditsa galimoto sindichikonda kwa munthu woimika panja tsiku lililonse: mukafunditsa galimoto ili ndi fumbi, mphepo ya mu Ogasiti ija, imene imanyamula fumbi la mapiri a migodi kuno kummwera kwa mzinda, imachikupiza usiku wonse ndipo chimakhala ngati sandipepala.

Potsuka tengani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu musanaibwezere mu sopo. Yambani mwatsira madzi kuti fumbi litsike, tsukani kuyambira padenga kutsika pansi, matayala pomaliza ndi nsalu yawoyawo. Tsukani mmawa kapena madzulo, penti ili yozizira. Sopo wotsukira mbale, Sunlight kaya wina aliyense, musiyeni kukhitchini. Anapangidwira kuchotsa mafuta, ndiye amachotsanso polishi yense amene munapaka. Ndipo ngati mukupita nayo kwa anyamata otsuka m'mbali mwa msewu, musachite manyazi kuyang'ana m'ndowa yawo ndi kuwapatsa nsalu yanu. Ndikunena ndine mmodzi wa iwo wakale.

Tsopano mankhwala akukuuzaniwo. Afunseni dzina lake lenileni, ndipo akulembereni papepala zimene akulonjeza. Ngati ndi polishi wa phula wamba, amatha pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo bambo a kunyumba angathe kupaka okha Loweruka masana pamthunzi. Ngati ndi ceramic coating yeniyeni, mankhwala amene amauma n'kukhala kachikopa kolimba pamwamba pa penti, imakhala zaka zingapo, madzi amangotsetsereka, dothi siligwira msanga, kutsuka kumaphweka. Ndi yabwino, sindikuinyoza. Koma siletsa mwala wothamangitsidwa ndi tayala la thiraki, siletsa ngolo ya pa Shoprite, ndipo siletsa matalala.

Matalala ndiye mdani wamkulu kuno. Amene analipo pa 13 Novembala 2023 akukumbukira mmene anagwera ku Midrand ndi mbali zina za mzinda uno. Kushopu kwathu tinasowa poimika, maboneti ndi madenga ali mabowomabowo ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba, ena a iwo opakidwa mankhwala odula aja. Tsegulani mapepala a inshuwalansi yanu lero lomwe, muone ngati ndi ya comprehensive, ija imakonzetsanso galimoto yanu yomwe ikawonongeka, ndiponso kuti inu mumayamba mwalipira zingati akamakonza, imene amati excess. Kukada mitambo masana m'nyengo ya mvula, lowani pamalo oimika ofoleredwa pa mall kapena pothira mafuta. Zikakupezani pakhomo, mabulangete awiri okhuthala padenga ndi pa boneti, opanikiza ndi zitseko, amathandiza ndithu. Osaima pansi pa mlatho mumsewu waukulu, kumbuyo kukubwera anzanu osaona bwino.

M'kati, ndi ana atatu, mankhwala opopera pamipando amangokupatsani mphindi zochepa kuti mupukute zisanalowe. Gulani mamati a labala okhala ndi mlomo m'mbali, mpaka mzere wachitatu wa mipando ndi m'buti, komanso zovala za mipando zochapika. Funsani ngati mipando ili ndi ma airbag m'mbali, chifukwa ikakhala nawo pamafunika zovala zowasiyira potulukira. Wamng'onoyo lamulo la dziko lino, kuyambira 2015, limati mwana wosakwana zaka zitatu azikhala pa mpando wake womangirira. Pansi pa mpandowo yalani kansalu kopyapyala, osati chinthu chokhuthala choti mpando uzigwedera. Madzi ndi mabisiketi adye, koma mkaka, yogati ndi maheu ayi. Mkaka ukalowa m'siponji ya mpando n'kuphikidwa ndi dzuwa la Januwale, fungo lake mudzagulitsa nalo galimoto. Ukatayika, thimbitsani ndi thaulo mopanikiza nthawi yomweyo, tsukani ndi madzi ofunda pang'ono, pakauma wazani soda yemweyu wa therere, agone usiku, mmawa muyamwe ndi huva.

Dashibodi ipukuteni ndi kansalu konyowa basi. Zopopera zonyezimiritsa zija zimaitana fumbi ndipo zimathobwa m'maso pagalasi. Mukaimika padzuwa ikani chotchinga pagalasi lakutsogolo. Pulasitiki ya magalasi imene amati smash and grab, yogwira galasi kuti lisayoyoke mbava zikaliswa, ndiye ndingakuuzeni kuti ikani, pa maloboti a kuno mukudziwa nokha, ndipo yabwino imachepetsanso dzuwa pamipando. Isade kwambiri: lamulo limafuna kuti magalasi a m'mbali alowetse kuwala kosachepera 35 peresenti, lakutsogolo 70.

Ulendo wa ku Mulanje ndi umene ungandichititse kuwononga ndalama pa chinthu chimodzi, pulasitiki yoonekera yomata kutsogolo kwa boneti, bampala ndi zikuto za magalasi oonera kumbuyo aja, ija amati PPF. Kuchoka pa Beitbridge kudzera Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza mudzatsatira mathiraki osawerengeka, ndipo timiyala timene amaponya ndi timene pulasitikiyi inapangidwira. Bambo awatalikire akamawatsatira. Kumudzi ana adzafuna kulemba maina awo ndi zala pafumbi la pachitseko, muwaletse mwaulemu. Pobwerera apongozi akakuninkhani usipa, uikeni m'chidebe chotseka ndi chivindikiro, osati m'thumba la saka pansi pa mpando.