Munazolowera ma hut a pa Mulanje, tsopano mukufuna ku Alps: Tour du Mont Blanc, Alta Via 1 kapena Stubai?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Phalombe amene pano akugwira ntchito ku Leeds, ku Britain. Alemba kuti: "Ine ndi mng'ono wanga tinayendapo pa Mulanje, kugona ku Chambe, Chisepo, Thuchila ndi Sombani. Mu Julayi tili ndi tchuthi cha masiku 7 ndipo tikufuna ulendo ngati womwewo ku Alps. Ndaona njira zitatu: Tour du Mont Blanc, Alta Via 1 ndi Stubaier Höhenweg. Mng'ono wangayo mphamvu ali nazo, koma amachita chizungulire akasuzumira kuphompho. Tisankhe iti, nanga kukonzekera tiyambire pati?"

Achemwali, zikomo kwambiri. Stubai ija muisiye kaye chaka chino. Pa ziwiri zotsalazo, yanu ndi imene mwapezako malo ogona usiku uliwonse motsatizana. Ku Alps, mapiri aatali a ku Ulaya, ulendo umamangidwa pa mabedi, mapu amabwera pambuyo.

Apa m'pamene pali kusiyana kwakukulu ndi kwathu. Pa Mulanje mumafika pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, n'kutenga wolondolera njira ndi anyamata onyamula katundu, mpunga ndi ndiwo zili m'chikwama. Pa hut, kanyumba kogonamo m'phiri, mlonda amakupatsani nkhuni ndi madzi, kuphika n'kwanu. Ku Alps zinthu n'zotembenuka. Nyumba za m'phiri, zimene Afalansa amati refuge, Ataliyana rifugio, a ku Austria Hütte, zimakuphikirani chakudya chamadzulo ndi cham'mawa, matilesi ndi mabulangete zilipo. Koma katundu mumasenza nokha, njira mumalondola nokha, ndipo bedi lililonse limakhala ndi mwini wake amene analibukitsa miyezi yambiri yapitayo. Nyumba zambiri zimatsegula chapakati kapena kumapeto kwa Juni n'kutseka mu Seputembala. Pa Tour du Mont Blanc ndi Alta Via 1 malo a mu Julayi ndi Ogasiti amayamba kubukitsidwa chaka chisanathe, cha mu Okutobala kupita m'tsogolo, ndipo nyumba zotchuka ngati Rifugio Bonatti ndi Rifugio Lagazuoi zimadzaza msanga.

Musanayerekeze njirazi, siyani kuwerenga makilomita okha. Chimene chimathyola munthu ndi chikweza ndi chitsetse. Kuchokera ku Likhubula kufika pa Chambe mumakwera mamita pafupifupi 1,000. Tsiku wamba pa Tour du Mont Blanc lili ngati kukwera pa Chambe n'kutsikanso ku Likhubula tsiku lomwelo, chikwama chili kumsana, kenako mawa lake chimodzimodzi. Ku Germany ndi Austria amawerengera nthawi motere: ola limodzi pa mamita 300 okwera, ola limodzi pa mamita 500 otsika, ola limodzi pa makilomita 4 a mtunda. Phatikizani maola okwera ndi otsika, muwaike pambali pa maola a mtunda, mutenge nambala yaikuluyo n'kuwonjezerapo theka la yaing'onoyo. Tiyese ndi tsiku la pa Tour du Mont Blanc lochokera ku Les Contamines kupita ku Les Chapieux: kukwera pafupifupi mamita 1,300 ndi maola 4 ndi kanthu, kutsika mamita 900 ndi maola osakwana 2, onse pamodzi 6. Mtunda wa makilomita 18 ndi maola 4 ndi theka, theka lake n'kupitirira pang'ono maola 2. Zikukwana maola 8, osawerengera kupuma, kudya ndi kujambula zithunzi. Chakudya chamadzulo chimaikidwa pa tebulo cha m'ma 6:30 kapena 7 koloko, onse nthawi imodzi. Wonyamuka 9 koloko tsiku limenelo akhoza kukapeza mbale zitatsukidwa.

Tour du Mont Blanc imazungulira phiri la Mont Blanc kudutsa France, Italy ndi Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 170 ndi chikweza cha mamita pafupifupi 10,000. Ambiri amaimaliza masiku 10 kapena 11, kuyambira ku Les Houches pafupi ndi Chamonix. Yonse simungaikwanitse pa tchuthi chanucho, chifukwa pa masiku 7 awiri apita ndi ndege ndi basi. Koma imaduka bwino. Tsikirani ku Geneva, mugone ku Les Houches. Tsiku loyamba la kuyenda mufike ku Les Contamines, lachiwiri mudutse mipata ya pakati pa mapiri ya Col du Bonhomme ndi Col de la Croix du Bonhomme n'kugona pa nyumba ya pa Croix du Bonhomme kapena ku Les Chapieux, lachitatu muwoloke mpata wa Col de la Seigne, wa mamita 2,516, kulowa m'Italy n'kugona ku Rifugio Elisabetta, lachinayi mutsikire ku Courmayeur. Lachisanu kwerani ku Rifugio Bertone, muyende m'mbali mwa phiri mpaka ku Bonatti, phiri la Grandes Jorasses lili maso ndi maso ndi inu, mutsikire m'chigwa cha Val Ferret kumene nthawi ya chilimwe kumayenda basi. Kuchokera ku Courmayeur basi ina imadutsa mumsewu wa pansi pa Mont Blanc, wotalika makilomita 11.6, kukakutulani ku Chamonix. Chigawo chimenechi n'chabwino kwa mng'ono wanuyo: njira yake njopondedwa bwino ndi yooneka, ndipo makwerero achitsulo amene anthu amawaopa ali kutsidya lina, pamwamba pa Tré-le-Champ, kumene simudzafikako. Tsiku la maola 8 lija mukhoza kulifupikitsa pogona ku Nant Borrant kapena ku Refuge de la Balme m'malo mwa Les Contamines.

Alta Via 1 ili ku mapiri a Dolomites, kumpoto chakum'mawa kwa Italy. Imayambira pa nyanja ya Lago di Braies n'kukathera kufupi ndi Belluno, makilomita pafupifupi 120. Masiku ake ambiri ndi aafupiko kuyerekeza ndi a ku Mont Blanc, ndipo kumpoto kwake nyumba n'zoyandikana: Biella, Sennes, Pederü, Fanes, Lavarella. Tsiku loyamba ndi chikweza cha mamita pafupifupi 900 pamiyala yoyera mbee yosakhala ndi mthunzi. Masiku anayi kapena asanu akufikitsani ku Lagazuoi, pa mamita 2,752, kumene kudakali mapanga amene asilikali a Italy ndi Austria anakumba m'thanthwe pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi ku Cinque Torri. Kuchokera pa Passo Falzarego basi imatsikira ku Cortina d'Ampezzo. Malo amodzi oti mukambirane ndi mng'ono wanu musanabukitse ndi Forcella del Lago, kampata kopanikizika pakati pa Fanes ndi Lagazuoi. Kuseri kwake njira imatsika mokhotakhota mumpita wotsetsereka kwambiri wa timiyala toyoyoka. Njirayo inamangidwa bwino, koma maso amaona pansi patali. Ilipo ina yolambalala kudzera ku Capanna Alpina, yotalikirapo. China: miyala ya ku Dolomites imameza madzi, choncho timitsinje tomwe munazolowera pa Mulanje n'tosowa. Nyamulani malita awiri aliyense, ndipo musadabwe nyumba zina zikakuuzani kuti madzi a pampopi si akumwa, mugule a m'botolo.

Stubaier Höhenweg ku Tyrol, m'dziko la Austria, njokongola zedi, nyumba zisanu ndi zitatu kuzungulira chigwa cha Stubai kufupi ndi Innsbruck. Papepala imaoneka yaifupi kuposa zinzakezo, ndipo m'pamene anthu amanyengekera. Ku Austria njira za m'phiri amaziika chizindikiro chofiira zikakhala zapakatikati, chakuda zikakhala zovuta, ndipo Stubai ili m'gulu lakuda. Pali malo amene munthu amayenda pakanjira kongokwana phazi atagwira chingwe chachitsulo chokhomeredwa m'thanthwe, phompho lili pambali. Mpata wa Grawagrubennieder, pakati pa Neue Regensburger Hütte ndi Dresdner Hütte, uli pa mamita pafupifupi 2,880, ndipo chipale chimakhalitsa pamenepo mpaka mu Julayi. Munthu wa chizungulire akauma miyendo pamalo otero, kubwerera n'kovuta ngati kupitirira.

Tsopano kabukitsidwe. Musayambire usiku woyamba n'kumapita m'tsogolo. Yambani ndi nyumba imene ilibe inzake pafupi, chifukwa ikakhala yodzaza ulendo wonse waduka pakati. Pa chigawo cha Mont Blanc chija, malo otero ndi Les Chapieux kapena Croix du Bonhomme, ndi Elisabetta. Ku Les Houches, Les Contamines ndi Courmayeur ndi m'midzi ndi m'tauni, malo ogona ngochuluka. Lembani masiku awiri kapena atatu amene mungayambire, mufufuze nyumba zovutazo pa tsiku lililonse, ndipo tikiti ya ndege mugule pomaliza. Ambiri amayamba ndi ndege chifukwa yatchipa, kenako amapeza kuti usiku wachitatu alibe pogona ndipo nyumba yotsatira ili maola anayi kutsogolo. Mukakhala ndi ufulu wosankha, yambani pakati pa sabata, ndipo theka lachiwiri la Julayi ndi labwinopo kusiyana ndi loyamba chifukwa chipale cha m'mipata chimakhala chitachepa. Nyumba zambiri zimafuna ndalama ya chikole, choncho werengani tsiku lomaliza limene mungasinthe osaluza. Pa bajeti ikani pakati pa 60 ndi 90 euro munthu mmodzi usiku umodzi, bedi la m'chipinda cha anthu ambiri pamodzi ndi chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Tengani ndalama zapamanja, pakuti makina a khadi amadalira netiweki, ndipo kumtunda imavuta.

Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku France kapena ku Italy. Mufunika viza ya Schengen, imene mumapempha ku dziko limene mudzagoneko mausiku ambiri. Pa dongosolo la Mont Blanc lija ndi France, mausiku anayi, Italy awiri. Amalola kupempha miyezi 6 ulendo usanafike, amafuna umboni wa pogona usiku uliwonse ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro. Inshuwalansiyo muiwerenge bwino: zina sizilipira ngozi yochitikira pamwamba pa mamita 2,000 kapena 2,500, kapena helikopita yodzakutengani. Bungwe la Austrian Alpine Club lili ndi nthambi ku Britain, ndipo umembala wake umabwera ndi inshuwalansi yopulumutsira anthu m'phiri komanso kuchotsera mtengo wa bedi m'nyumba za mabungwe a okwera mapiri. Nyumba za anthu wamba, zimene pa Mont Blanc n'zambiri, sizichotsera. Nambala ya ngozi m'maiko onsewa ndi 112.

Chikwama chikhale cha malita 35 kapena 40, cholemera makilogalamu osapitirira 8 kapena 9 madzi ali momwemo. Mapoto, chakudya cha masiku asanu ndi chofunda cholemera zitsale. Chofunika ndi kathumba ka nsalu yopyapyala kogonamo, chifukwa mabulangete sachapidwa tsiku lililonse ndipo nyumba zimalamula kuti aliyense akhale nako. Onjezani jekete ndi buluku la mvula, juzi, chipewa ndi magolovesi ngakhale kuli chilimwe, pakuti mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kupitirirapo pang'ono. Tochi ya pamphumi, zotseka m'makutu chifukwa cha olizira mkonono, pulasitala ya matuza, pawabanki popeza masoketi ngochepa, ndi ndodo ziwiri zoyendera. Ndodozo musazinyoze. Chimene chimabweza anthu panjira kawirikawiri ndi mawondo pa chitsetse cha tsiku lachitatu kapena lachinayi, monga chija chotsikira ku Courmayeur. Nsapato zikhale zoti mwayenda nazo kale milungu ingapo. Muli ku Leeds, choncho ku mapiri a Yorkshire Dales n'kufupi: yendani masiku awiri otsatizana mutasenza chikwama chodzaza, muone mmene miyendo ikhalire m'mawa wa tsiku lachiwiri.

Mukafika pa nyumba, nsapato zimavulidwa pakhomo n'kusiyidwa m'kachipinda kake, mumavala masilipasi. Kusamba madzi otentha nthawi zambiri kumalipiridwa padera, mphindi zowerengeka. Nyumba zina zimaletsa kulowa ndi chikwama kuchipinda chogona poopa nsikidzi. Ikakwana 10 koloko usiku kumakhala zii. Zinyalala zanu mumatsika nazo. Ngati simudya nyama ya nkhumba, nenani pobukitsa, osati mbale itafika kale.

Nyengo ya kumeneko isakupusitseni ndi kuwala kwa m'mawa. Chiperoni cha pa Mulanje chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, pamene ku Alps mu Julayi choopsa ndi mabingu ndi mphenzi za masana. Kumacha kuli mbee, cha m'ma 11 mitambo yayamba kuunjikana pansonga, pofika 2 kapena 3 koloko kwagunda. Nyamukani 7 koloko kuti mpata wa tsikulo mukhale mutaudutsa dzuwa lisanapendeke. Madzulo aliwonse funsani woyang'anira nyumba za nyengo ya mawa ndi za chipale cha kutsogolo, iye amamva kwa amene adutsako tsiku lomwelo. Akakuuzani kuti musakwere, tsikirani kuchigwa mukakwere basi, ndipo muimbire nyumba yotsatira kuti simufika kapena mufika mochedwa, chifukwa bedi lopanda mwini usiku likhoza kuyambitsa ntchito yokusakani m'phiri. Panjira mudzakumananso ndi ng'ombe zokhala ndi ana komanso agalu akuluakulu oyera olondera nkhosa. Alambalaleni patali, osathamanga, ndodo zili pansi.

Choti muchite lero ndi ichi: tsegulani masamba a pa intaneti a Elisabetta ndi a nyumba za ku Les Chapieux, muone masiku a mu Julayi amene akadali ndi mabedi awiri. Mukapeza otsatizana, tengani Mont Blanc. Mukalephera, yesani Fanes kapena Lavarella pamodzi ndi Lagazuoi, ndipo mng'ono wanuyo mumuonetse kaye zithunzi za Forcella del Lago musanalipire chikole.