Mafunso a Awerengi: Kodi purosesa ya kompyuta yanga ndiipatse voltage yochuluka bwanji?

FUNSO: Akulu anga, ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata, ndipo ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi a miyambo monga Kulamba ndi Nc'wala. Kompyuta yanga ndinaigula kwa munthu wina ku Lusaka, ndipo ili ndi purosesa, kachipangizo kamene ndi ubongo wa kompyuta, ya Intel Core i5-9600K pa motherboard, bolodi lalikulu polumikizidwa zipangizo zonse, ya Z390. Mnzanga anakweza liwiro lake kufika pa 4.9 GHz n'kuika voltage, kutanthauza mlingo wa magetsi opita ku purosesa, pa 1.25 V, koma inayamba kumazima n'kuonetsa sikirini ya buluu. Kenaka anakweza mpaka 1.45 V, nambala imene anati anaiona pa YouTube. Kuzima kuja kunatha, koma tsopano ndikamatulutsa vidiyo kutentha kumafika madigiri 98, ndipo fani imalira ngati chigayo. Kodi nambala yoyenera ndi iti? Wojambula mavidiyo, Kapata.

YANKHO: Bambo, musanamalize n'komwe kuwerenga yankho lino, lowani mu BIOS, kutanthauza zoikika za motherboard zimene mumazipeza kompyuta ikangoyaka, ndi kuchotsa 1.45 V imeneyo. Njira yachidule ndi kusankha pamene palembedwa kuti Load Optimized Defaults, zimene zimabwezera zonse monga mmene zinachokera ku fakitale. Purosesa yanuyo, imene inatuluka mu 2018, inapangidwa kuti iziyenda pa 3.7 GHz ndi kumadzikweza yokha mpaka 4.6 GHz ntchito ikachuluka, ndipo ikafika madigiri 100 imachepetsa liwiro lake pofuna kudziteteza. Pa madigiri 98 ndiye kuti mwatsala pang'ono kugunda malire amenewo.

Nambala imodzi yoyenera aliyense palibe, ndipo apa ndi pamene mnzanuyo anaphonya. Mapurosesa awiri a dzina limodzi, ochokera mu fakitale imodzi, safuna magetsi ofanana kuti afike pa liwiro lomwelo. Ina imakhazikika pa 4.9 GHz ndi magetsi ochepa, pomwe inzake imakaniratu ngakhale muiwonjezere chotani. Zili ngati ng'ombe ziwiri zobadwa kwa mayi mmodzi, koma pangolo ina imakoka mopepuka pamene inzake ikupuma wefuwefu. Chimene muyenera kufufuza ndi voltage yotsika kwambiri imene purosesa yanuyanu imagwirira ntchito popanda kulakwitsa, osati yokwera kwambiri imene ingapirire.

Chifukwa chake n'chakuti kutentha sikukwera mofanana ndi voltage, koma kumakwera moposa. Mphamvu imene purosesa imadya imayendera voltage yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, kotero kuti kuchoka pa 1.25 V kufika pa 1.45 V, kumene pamaso kumaoneka ngati kusintha kwakung'ono, kumawonjezera mphamvuyo ndi pafupifupi 35 peresenti liwiro lisanasinthe n'komwe. Mphamvu yonseyo imasanduka kutentha pa kachinthu kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Palinso vuto lina losaoneka msanga: magetsi ochuluka pamodzi ndi kutentha amadya pang'onopang'ono tinjira tating'onoting'ono ta mkati mwa purosesa, ndipo pakapita miyezi mumangoona kuti liwiro limene kale linkakhazikika tsopano likufuna magetsi owonjezera. Kuwonongeka kotere sikubwerera.

Ngakhale makampani opanga mapurosesa anapunthwapo pa nkhani yomweyi. Mu Julayi 2024 kampani ya Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira voltage yopitirira muyeso, ndipo mwezi wotsatira inatulutsa microcode ya 0x129, kutanthauza malangizo atsopano a mkati mwa purosesa, yoletsa purosesa kupempha zoposa 1.55 V, n'kuwonjezeranso zaka ziwiri pa chitsimikizo (warranty) cha mapurosesawo. Mu 2023 mapurosesa ena a AMD Ryzen 7000X3D anapsa, ndipo kampaniyo inaika malire a 1.3 V pa mbali ya purosesa yotchedwa SoC. Ngati akatswiri a makampani amenewa anafika poterepa, ife okonza makompyuta kuseri kwa msika sitiyenera kudzikhulupirira kwambiri.

Tsono chitani motere. Ikani pulogalamu ya HWiNFO, imene imaonetsa voltage ndi kutentha kwa purosesa, ndipo kompyuta ili pa zoikika za ku fakitale tulutsani vidiyo imodzi mukulemba m'kope voltage yotchedwa Vcore ndi kutentha kwapamwamba kumene mwaona. Ngati ngakhale pamenepa kutentha kukupitirira madigiri 80, vuto si voltage ayi, ndi fumbi kapena phala loziziritsa lija limene limapakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira. Ndatsegulapo makompyuta a m'mashopu oyang'ana kumsewu n'kupeza fumbi lofiira litamatirira m'zipsepse za choziziritsira ngati bulangeti, phala lija litauma gwa ngati dothi la m'chilimwe. Yambani mwakonza zimenezi.

Mukatero bwererani mu BIOS, siyani kaye XMP, imene imakweza liwiro la memori ya kompyuta yotchedwa RAM, yozimitsa kuti zolakwa za RAM zisakusokonezeni, ikani multiplier, nambala imene imasankha liwiro la purosesa, pa 47, kutanthauza 4.7 GHz, ndipo voltage muiike pamanja pa 1.25 V. Lowani mu Windows ndi kuyesa ndi pulogalamu yolemetsa purosesa yotchedwa Cinebench kwa mphindi 10. Ikadutsa, yesani ndi mapulogalamu ena otere, OCCT kapena Prime95, kwa mphindi 30. Ikazima, ikauma osayankha, kapena pulogalamu yoyesera ikanena kuti yapeza cholakwa, onjezerani 0.01 V yokha n'kuyesanso. Ikadutsa bwinobwino, mungathe kutsitsa ndi 0.01 V kuti muone pamene imayambira kulephera, kapena kukweza multiplier kufika 48. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndipo lembani chilichonse, chifukwa mukafika ulendo wachisanu ndi chiwiri simudzakumbukira zimene munaika poyamba. Kompyuta ikakana kuyaka, musade nkhawa: zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo, kabwezereni, ndipo BIOS idzayambiranso pachiyambi.

Pali mfundo ina imene ambiri amaiphonya. Nambala imene mwalemba mu BIOS si imene purosesa imalandira ikalemedwa ndi ntchito. Mukhoza kulemba 1.30 V, koma poyesa HWiNFO n'kumaonetsa 1.25 V, chifukwa voltage imagwa pang'ono purosesa ikamakoka magetsi ambiri, ndipo kugwa kumeneku anakuikako dala opanga. Mu BIOS muli choikika chotchedwa Load-Line Calibration chimene chimachepetsa kugwako. Ine ndimachisiya pakatikati, chifukwa mukachikweza mpaka kumapeto voltage imadumpha kwa kanthawi kochepa kwambiri ntchito ikasiya mwadzidzidzi, ndipo kudumpha kumeneko mapulogalamu sakuona.

Nanga malire ali pati? Chikalata cha Intel cha mapurosesa a m'badwo umenewu chimatchula 1.52 V, koma imeneyo si nambala yoti munthu azigwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Uphungu wanga pa purosesa yanu ndi wakuti musapitirire 1.35 V ikamagwira ntchito yolemera, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 85 poyesa. Mukagunda chimodzi mwa ziwirizi isanakhazikike, tsitsani liwiro, musawonjezere magetsi. Kunena zoona, kusiyana kwa 4.7 ndi 4.9 GHz ndi 4 peresenti yokha, ndiye kuti pa vidiyo yotenga ola lathunthu mumapulumutsa mphindi ziwiri ndi theka zikachuluka, zimene sizingafanane ndi mtengo wa purosesa ina.

Mukapeza malo amene ikuoneka yokhazikika, onjezeraniko 0.01 kapena 0.02 V, yesani kwa maola angapo, kenaka tulutsani vidiyo yaitali ya ntchito yanu yeniyeni. Yang'ananinso pansi pa mndandanda wa HWiNFO pamene pamawerengedwa zolakwa za zipangizo zimene Windows imalemba, zotchedwa WHEA, chifukwa purosesa ikhoza kumalakwitsa mwakachetechete popanda sikirini ya buluu; nambala ya pamenepo iyenera kukhala 0. Ndipo musaiwale nyengo ya kwathu kuno. Zimene zadutsa usiku wozizira wa mu Juni zikhoza kulephera masana a mu Okutobala m'chipinda cha malata, choncho yesaninso kukatentha.

FUNSO: Kwathu ku Petauke magetsi amazimazima ndipo nthawi zina mababu amachita kuthima pang'ono. Ndili ndi kompyuta ya muofesi ya Dell OptiPlex. Kodi ndikakweza voltage ya purosesa zingathandize kuti isamazime? Mphunzitsi, Petauke.

YANKHO: Aphunzitsi, ayi, zinthu ziwirizi n'zosiyana. Magetsi a kukhoma kuno ku Zambia ndi a 230 V, ndipo bokosi la magetsi la m'kompyuta limawatsitsa kufika pa 12 V, 5 V ndi 3.3 V, kenaka tizipangizo tozungulira purosesa pa motherboard timatsitsanso 12 V ija kufika pafupi ndi 1 V. Magetsi a kukhoma akagwa kwambiri, bokosi lija ndi limene limazima, ndipo palibe nambala ya mu BIOS imene ingaletse zimenezo. Komanso makompyuta a muofesi ngati yanuyo sapereka n'komwe mwayi wosintha voltage ya purosesa. Chimene mukufunika ndi UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kuyendetsa kompyuta magetsi akazima, makamaka yokhala ndi AVR imene imawongola magetsi akatsika, ndipo pogula onetsetsani kuti mawati ake akuposa amene kompyuta ndi sikirini zimadya pamodzi. Mukafuna kuika BIOS yatsopano, dikirani kaye mpaka UPS ija itafika ndipo batire yake yadzaza, chifukwa magetsi akazima ntchitoyo ili pakati motherboard ikhoza kukana kuyakanso.