Foni ingathandize bwanji amayi amene ali pa kemo?

Chemwali wina wa ku Mufakose watilembera kalata. Amayi ake akulandira kemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa) ku chipatala cha Parirenyatwa chifukwa cha khansa ya m'matumbo, ndipo kunyumba akumwa mapilitsi a kemo otchedwa capecitabine ndi morphine wamadzi wochepetsa ululu. Funso lake ndi lakuti: "Ndiike app iti m'foni kuti ndisamasokoneze mankhwala? Amayi Chingelezi sawerenga."

Chemwali, app muiike m'foni yanu, osati ya amayi, chifukwa zolembedwa m'menemo ndi za Chingelezi ndipo wopereka mankhwala ndinu. MyTherapy ndi Medisafe zonse zimakumbutsa nthawi ya mankhwala ndi kusunga zimene munthu wamwa. Medisafe ilinso ndi Medfriend, imene imauza wachibale wina mankhwala akadumphidwa, koma imeneyi imafuna intaneti. Sankhani imodzi basi.

Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa capecitabine. Kawirikawiri amamwedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, pasanathe mphindi 30 chidyereni chakudya, kwa masiku 14, kenako n'kupuma masiku 7. Mukangosankha "tsiku lililonse", foni idzaliranso m'sabata yopumayo, ndipo wina wotsala ndi amayi inu mutapita ku Mbare Musika adzawamwetsa mosadziwa. Choncho ikani tsiku loyamba ndi lomaliza monga mmene adokotala alembera pa khadi, ndipo muzikonzanso mukabwera kuchipatala, poti nthawi zina amasintha kuchuluka kwa mapilitsi akaona zotsatira za magazi. Akadumpha kumwa, musawapatse owirikiza nthawi yotsatira.

Morphine wamadzi nthawi zambiri amaperekedwa maola 4 alionse, osadikira kuti ululu uyambe. Lembani mamililita enieni amene alembedwa pa botolo, osati "supuni imodzi", ndipo yezani ndi jekeseni yopanda singano. Morphine amadzimbitsa, ndiye mankhwala ofewetsa m'mimba muwaikenso pa chikumbutso.

Tsono pali vuto la mafoni athuwa. Tecno, itel ndi ena otere amatseka mapulogalamu okha pofuna kusunga batire, chikumbutso n'kukhala chete. Lowani mu Settings, pa Battery, mulole app imeneyo kuti isamatsekedwe, kenako yesani: ikani chikumbutso cha mphindi 10 kutsogolo, zimitsani sikirini, muone ngati ilira. Ikakanika, alamu wamba ya foni ndi yodalirika kuposa app. Ndipo poti magetsi a ZESA amatha kuthima tsiku lonse, ndandanda yomweyo ilembedwenso papepala ndi zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa kapena m'Chishona, n'kumatidwa pakhoma pafupi ndi bedi.

Madzulo alionse lembani zinthu zinayi: ululu kuyambira 0 mpaka 10, asanza kangati, atsegula m'mimba kangati, ndi kutentha kwa thupi. Zikhatho ndi mapazi zikafiira kapena kusupuka, kapena m'kamwa mukatuluka zilonda, jambulani chithunzi. Mzere ukatalika kuchipatala adokotala sakhala ndi nthawi yaitali, ndipo akuluakulu athu akafunsidwa amangoti "ndili bwino pang'ono". Zolembazo ndi zimene zidzawayankhulire.

Apa mumvetsetse, chemwali. Kemo amachepetsa asilikali a m'thupi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala a m'diripi. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukafika nenani msanga kuti ali pa kemo. Musawapatse paracetamol kuti muone ngati zisintha, chifukwa amabisa kutentha matenda akufalikira m'magazi. Kutsegula m'mimba kowirikiza, kanayi kapena kuposerapo pa tsiku kuposa masiku onse, nakonso n'koimbira foni kuchipatala musanawapatse capecitabine wina. App siyeza kutentha, gulani themomita ku famase.

M'magulu a WhatsApp muli chitonthozo, komanso muli ogulitsa zitsamba olonjeza kuchiza khansa. Chilichonse chomwedwa chiyambe chaonedwa ndi adokotala a amayi. Mukafuna munthu woti mulankhule naye, ku Cancer Association of Zimbabwe kuno ku Harare amapereka uphungu, ndipo Island Hospice, imene inayamba mu 1979, imathandiza mabanja pa nkhani ya ululu ndi kusamalira wodwala kunyumba. Manambala awo, ndi ya ku wodi, muwasunge m'foni komanso papepala lija.