Mafunso Anu: Kodi dengu la a Mi'kmaq limaduliranji chonchi?

Funso: Mwana wanga wandiitana kukacheza ku Halifax, m'dziko la Canada. Akuti tikaone zaluso za anthu a mtundu wa Mi'kmaq, eni nthaka a kumeneko, koma ndamva kuti ngakhale kadengu kakang'ono n'kodula kwambiri. Kodi sikubera alendo kumeneku? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Ayi mayi, palibe chinyengo. Chimene mukulipira ndi ntchito komanso kusowa kwa zipangizo.

Madengu ambiri amalukidwa ndi mtengo wa black ash, umene eniake amautcha wisqoq. Saung'amba ngati nsungwi. Amasankha chipika chowongoka, chopanda mfundo, n'kuchisenda, kenako amachipuntha ndi nyundo chikadali chachiwisi mpaka magawo amene mtengowo umawonjezera chaka ndi chaka atalekana. Timizere totulukapo amatipala ndi mpeni n'kutinyowetsa asanayambe kuluka, chifukwa touma timathyoka popinda. Mtengo umene unakula mokwinimbira umapereka timizere topyapyala kwambiri, tosalimba. Choncho si mtengo uliwonse umene umapanga dengu.

Komanso mtengowu ukusowa. Mu 2013 boma la Nova Scotia, chigawo chimene muli Halifax, linauika m'gulu la mitengo imene ili pachiopsezo, ndipo mu 2018 kachilombo kofukula mitengo kotchedwa emerald ash borer kanapezeka ku Bedford, pafupi ndi Halifax pomwepo. Alukadengu ena amagwiritsa ntchito mitengo ya maple kapena white ash.

Mukaonanso timabokosi ta khungwa la mtengo wa birch tokongoletsedwa ndi minga ya nungu. Nungu zakumeneko zili ndi minga yaifupi kuposa zakuno. Mingayo amaitsuka, kuinyika mu utoto ndi kuifewetsa m'madzi, kenako amaboola khungwa ndi kachitsulo kosongoka n'kulowetsa munga umodziumodzi. Khungwa likamauma limagwira mungawo zolimba, ndiye ulimbo safuna. Bowo likakula, munga umazuka.

Malo apafupi okaonera zalusozi ndi Millbrook Cultural and Heritage Centre ku Truro, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Ngati nthawi ilipo, ife tikadasankha mudzi wa a Mi'kmaq wa Eskasoni pachilumba cha Cape Breton, kumene eni mudzi amayendetsa alendo pa Goat Island n'kumawaonetsa okha luso lawo. Sungitsiranitu malo, ndipo mupite nyengo yotentha, pakati pa June ndi September.

Pogula funsani dzina la woluka, mudzi wake ndi mtengo umene analukira, chifukwa m'masitolo ena a alendo mumapezeka zongotengera zochokera kufakitale. Kunenerera kwa pamsika kusiyeni ku Zomba, ndipo pemphani kaye musanajambule munthu kapena ntchito yake.