Nyumba zakale za co-op ku Manhattan: mtengo watsikiranji chonchi?

Mayi wina wogwira ntchito ku New York watumiza imelo. Waona nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi ku Upper East Side, m'chinyumba chosanja chomangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa condo (nyumba ya m'chinyumba chosanja imene wogula amakhala mwini wake weniweni) yaing'ono yapafupi. Akufunsa ngati pali chinyengo.

Chinyengo palibe, mayi, koma chimene mukugulacho si nyumba ayi. Mu co-op chinyumba chonsecho ndi cha kampani. Inu mumagula masheya, n'kupatsidwa chikalata chotchedwa proprietary lease chokulolani kukhala m'zipinda zakutizakuti. Kampaniyo imayendetsedwa ndi bodi ya eni masheya anzanu, ndipo bodiyo ikhoza kukukanani osanena chifukwa, ngati akuchikazi akamabweza wofunsira mbeta. Lamulo limaletsa kukana munthu chifukwa cha khungu, chipembedzo kapena dziko lochokera, koma poti sakakamizidwa kufotokoza, mukadandaula ndi umboni wanji? Woimba Madonna anakanidwa ku San Remo, co-op ina ya ku Manhattan, mu 1985, ndalama ali nazo mbwee. Oyenera kugula akachepa mtengo umagwa, ndipo tsiku lodzagulitsa inu vutolo lidzakhala lanu.

Kukongola kwake sindikutsutsa. Rosario Candela, amene anajambula mapulani a zinyumba za 740 Park Avenue ndi 834 Fifth Avenue, ankadziwa kulekanitsa kochezera alendo, kogona ndi kwa antchito, moti mlendo sangaone khomo la kuchipinda kwanu. Makoma ndi ochindikala, siling'i ili m'mwamba mamita atatu kapena kuposa, pansi ndi matabwa enieni. 740 Park inamangidwa ndi James T. Lee, agogo ake a Jacqueline Kennedy, ndipo inatsegulidwa mu 1930, chuma cha America chitangogwa kumene. Koma pa zipinda zisanu ndi chimodzi zimene akuwerengerani, chimodzi ndi kachipinda ka wantchito kuseri kwa khitchini, kongokwana bedi laling'ono, pafupi ndi khomo lakumbuyo. Ogulitsa masiku ano akukatcha ofesi. Ine ndimati amenewo ndi mabodza a pamalonda, musakalipire ngati chipinda chogona.

Ndiye bwerani ku mapaipi, kumene kumathera ndalama. Zambiri mwa nyumbazi zimatenthetsedwa ndi nthunzi. Ngati radiator, chitsulo chotenthetsa chipinda, ili ndi paipi imodzi, valavu yake izikhala yotsegula kotheratu kapena yotseka kotheratu. Mukaisiya pakatikati, madzi obwerera amatsekeredwa, nthunzi n'kumawamenya, ndiye phokoso lija la ngati wina akukhoma nyundo usiku. Mapaipi akale a madzi amachita dzimbiri mkati, madzi n'kumatuluka mofooka, ndipo mukangoswa bafa bodi imakuuzani kusintha mapaipi onse kukafika pa paipi yaikulu, ndalama zanu. Magetsi nawo sanaikidwe poganizira makina oziziritsa mpweya, moti kuwonjezera mphamvu kumadalira ngati chinyumbacho chili nayo yotsala. Utoto wa lead (mtovu, umene ndi poizoni) unaletsedwa mumzindawu mu 1960, choncho pansi pa utoto watsopano muziyembekezera wakalewo, komanso asbestos, ulusi woopsa ku mapapo, wokutira mapaipi.

Kukonza nakonso simungodzuka n'kuyamba. Mabodi ambiri salola kuika bafa kapena khitchini pamwamba pa chipinda chogona cha mnansi wapansi, poopa kudontha. Ena a ku Park ndi Fifth Avenue amalola ntchito yaikulu m'chilimwe chokha, eni ake atapita kutchuthi. Amisiri akapanda kumaliza, mudikira chaka chamawa uku mukulipira lendi kwina. Ndikuona kuti aliyense wogula co-op yakale ndi maloto osuntha makoma akudzinamiza.

Zoti mufunse

Loya wanu awerenge malipoti a chuma a kampaniyo a zaka ziwiri ndi maminitsi a misonkhano ya bodi. Aone ndalama zosungidwa, ngongole imene chinyumbacho chili nayo, komanso ngati nthaka yake ndi yakeyake kapena yalendi. Afunse za Local Law 11, lamulo loti nyumba yoposa nsanjika zisanu ndi imodzi iziunikidwa makoma akunja pakapita zaka zingapo. Njerwa zikapezeka zogwedera, eni masheya amasonkherana pamwamba pa ndalama ya mwezi ndi mwezi, imene kale ikuphatikiza msonkho wa nyumba ndi malipiro a antchito.

Poyambira kulipira pamafunika 20 kapena 25 peresenti ya mtengo, kwina theka, ndipo nyumba zina sizilola ngongole ya kubanki n'komwe. Bodi idzafuna mapepala a msonkho a zaka ziwiri, makalata a umboni, ndi ndalama zotsala zolipirira chaka kapena ziwiri. Chuma chimene chili kunja kwa America kawirikawiri sachiwerengera. Onjezani mansion tax, msonkho umene wogula amalipira, woyambira pa 1 peresenti pa nyumba ya madola 1 miliyoni n'kumakwera mtengo ukamakwera. Ngati mukuganiza zodzabwerera kumudzi n'kusiyamo wa lendi, gulani condo ija, chifukwa ma co-op ambiri amalola zimenezo zaka ziwiri zokha pa zisanu, ena osalola ngakhale mwezi.